Mkaka Sutsuka Mapapo

Tariro anawapeza bambo ake atakhala pakhonde, ovolosi atavula mpaka m'chiuno, akumwa mkaka wa m'paketi. Paketi ina inali kale pansi, itaphwa. Linali Loweruka, naini koloko isanakwane, ndipo kumsewu waukulu wa Chiwaridzo ku Bindura makondakitala a makombi anali atayamba kale kukuwa kuitana opita m'tauni.

Atangoona mkakawo mtima wake unadumpha. Mwana aliyense wokulira pakhomo pa munthu wa m'migodi amadziwa tanthauzo lake: bambo akamamwa mkaka wozizira m'mawa, wopanda tiyi, wopanda buledi, ndiye kuti apuma zosayenera kupuma pansi paja.

"Baba, mwalowa mu utsi?"

A Bauleni Chikaipa anapukuta ndevu ndi kuseri kwa dzanja. "Kwathu timayamba ndi moni. Kapena ku Harare kwanuko moni anauthetsa?"

"Mwadzuka bwanji, baba? Mwalowa mu utsi?"

"Ndadzuka. Kautsi chabe."

Kautsi, munthu maso ali psuu. Nkhani yeniyeni inachokera kwa mayi ake a Tariro, a Estele, amene ankasita jekete la amuna awo ndi simbi yamakala pafupi ndi khomo, poti magetsi anali atathima kuyambira dzulo. Gulu la Pardon, makorokoza amene amakumba golide pakamgodi kawo kuseri kwa phiri, linaphulitsa miyala m'bandakucha. Popanda magetsi, makina opopera mpweya pansi sanalire. M'malo modikira, anabwera kudzatenga a Chikaipa kuti akawanunkhizire mgodiwo, monga amachitira nthawi zonse akakayika. Nawo a Chikaipa, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu, anatsika ndi chingwe ola limodzi lisanathe chiphulitsireni, nakhalako mpaka kutsimikiza.

"Ndawauza kuti asalowe," a Chikaipa anatero, akudzigunda pachifuwa. "Amuna asanu. Pakadapanda mphuno iyi, bwenzi pano tikukhoma mabokosi."

"Utsiwo unali wa mtundu wanji?"

"Wa utsi."

"Baba."

"Wofiirira. Pang'ono."

Tariro anakhala pansi pasitepe. Utsi wofiirira wa wonga ankaudziwa bwino kuposa momwe ankawadziwira abale ake ena. Kwa zaka ziwiri ntchito yake inali imeneyo: pakati pa sabata amakhala ku yunivesite, Lachisanu n'kubwera ku Bindura kudzatenga magazi a anthu amene mapapo awo avulala mwadzidzidzi, ambiri a iwo ochokera m'migodi ing'onoing'ono. Utsi umenewu ndi wachinyengo. Munthu amatsokomola pang'ono, misozi n'kutuluka, kenako n'kumva bwino. Amadya, amaseka, amapita ku mpira. Pakatha maola, mwina asanu ndi limodzi, mwina tsiku lathunthu, mapapo amayamba kutupa ndi kudzaza madzi, munthu n'kumira ali pakama pake.

Kafukufuku wa Tariro anali pa tinthu ting'onoting'ono ta m'maselo ndi m'magazi totchedwa maikulo-RNA, timene timathandiza kulamula kutupako: tina timakoleza, tina timaziziritsa. M'filiji ya ku labotale anali ndi timabotolo makumi anayi, koma tonse tinali ta anthu ofika mochedwa, atanyamulidwa, milomo itada. Ka munthu wa maola oyambirira, amene akuyendabe ndi miyendo yake, analibe ngakhale kamodzi. Ndani apita kuchipatala asakudwala? Amamwa mkaka. Ndipo ali chikhalire pasitepe paja, maganizo ena anamudutsa m'mutu mofulumira: nawa magazi a maola oyambirira aja, akhala pampando wa bambo ako. Anachita manyazi mpaka m'makutu munatentha.

"Valani, baba. Tikupita kuchipatala."

"Wadwala ndani?"

"Inuyo."

"Amake Tariro, mwamva? Ndadwala, koma sanandiuze." A Chikaipa anaseka, kusekako n'kuthera m'katsokomolo kouma. "Mwanawe, zaka makumi atatu ndi chimodzi ndagwira kumgodi wa nikelo. Ndinayamba ndi kuwola miyala ndi fosholo, ndinatsiriza ndikuphulitsa ndekha, setifiketi ili m'sutikesi umo. Utsi ndaumeza iwe usanabadwe. Mkaka mapaketi awiri, m'chifuwa mwayera. Galu wamkota sakandira pachabe."

"Mkaka umapita m'mimba. Utsi uli m'mapapo. Njira zake ndi ziwiri."

"Zonse zimadzera pakhosi pamodzi."

Zoterezi munthu ungaziyankhe bwanji? Tariro anayamba kufotokoza mwachangu, ndipo monga zimachitikira akapsa mtima, Chishona chinalanda pakamwa. Chichewa amachimva chonse, ngakhale mikuluwiko, koma pochilankhula chimamutsamwa, makamaka akafulumira. A Chikaipa anali ndi mankhwala ake a zimenezi. Munthu amene amachita malonda, kutukwanizana ndi makondakitala, ngakhale kupemphera m'Chishona sabata yonse, mwana wake akayamba kuwadzudzula m'Chishonacho ankagontha mwadzidzidzi. Anayang'ana nkhuku ya aneba imene inkapalasa pampanda, nkhope ili phee.

Tariro analowa m'nyumba natulutsa kachipangizo kopana chala koyezera mpweya m'magazi. Anawapana. Manambala anavinavina n'kuima pa nainte sikisi.

"Chikuti chiyani?"

"Pakadali pano chikuti muli bwino, koma..."

"Mwamva, amake Tariro? Makina ake omwe andiikira umboni."

"Linda madzi apite ndiye uziti ndadala," a Estele anatero osadzutsa mutu pa jekete. Tariro anawayang'ana ndi chiyembekezo, koma mayiwo anangotembenuza mkono wa jekete. "Usandiyang'ane ine. Bambo akowa ukawauza kuti kunja kukugwa mvula, amatuluka kukaifunsa mvulayo. Ine ndinatopa kalekale."

Jeketelo linali la msonkhano. Thu koloko masana bungwe la maliro la ana a ku Malawi limakumana kuseri kwa tchalitchi, ndipo wapampando wake kwa zaka khumi ndi ziwiri anali a Chikaipa. Ananena mosabisa kuti sangajombe kumsonkhano chifukwa cha katsokomolo, komanso sangakagone pabedi la odwala akuyenda ndi miyendo yawo kuti Chiwaridzo yonse imve kuti mphuno ya Chikaipa yagwidwa ndi utsi. Anthu akamva zimenezo, adzawaitananso ndani?

Tariro anafuna kulira, anafunanso kuwaponyera paketi ya mkaka ija. Anayesa kuwaopseza: anawauza za bambo wa ku Madziwa amene anafika mwezi wathawo akutuluka thovu pakamwa. A Chikaipa anati ameneyo ayenera kuti sanamwe mkaka. Anayesa kuwanyengerera, iwo anati mwana wawo wakula ndi mtima wabwino, ndipo anafunsa ngati tayi yabuluu inachapidwa. Koloko ya pafoni inkayenda. Maola atatu anali atatha kale chilowereni mumgodi muja.

Pomaliza anadzikhazika mtima pansi, nakokera chitini cha utoto pafupi ndi mpando wawo, n'kukhalapo. Anasankha mawu a Chichewa limodzilimodzi, ngati munthu wowoloka mtsinje pamiyala.

"Baba, utsi ukapsereza mapapo, asilikali a m'thupi amathamangira kumeneko kukakonza. Koma akapita ambiri, osaimitsidwa, amaononga okha. Mapapo amatupa, madzi amalowa. Si utsi wokha umene umapha. Ndi nkhondo imene thupi limachita pambuyo pake."

"Nanga kapitawo wawo amakhala ali kuti?"

"Ndi amene ndikuphunzirawo. Timauthenga ting'onoting'ono, timene timauza maselo kuti leka kupanga ichi, chepetsa icho. Tili ngati belu la chikepe cha mumgodi. Likalira kamodzi, woyendetsa amaimitsa..."

"Aikona, si choncho." Chala cha a Chikaipa chinakwera m'mwamba. Kugontha kuja kunachira pompo. "Zimene sukuzidziwa uzifunsa. Belu likalira kamodzi chikepe chikuyenda, ndiye kuima. Likalira kamodzi chikepe chitaima, ndiye kukweza. Kawiri ndi kutsitsa. Wosayang'ana kuti chikepe chili pati amapha anthu."

"Ndi momwemonso m'thupi, baba. Kauthenga komweko m'mawa kakhoza kukoleza, mawa lake n'kuziziritsa. Zimatengera nthawi."

"Ndiye langa lalira kangati?"

"Sitikudziwa."

"Zaka ziwiri ku yunivesite, simukudziwa?"

Apa mpomwe Tariro anaphulika, osati ndi nzeru koma ndi kutopa. Anawauza kuti sangadziwe chifukwa anthu ngati iwowo amakhala pakhonde kumwa mkaka mpaka milomo itada, kuti magazi onse amene ali nawo ndi a anthu omira kale, kuti aphunzitsi ake amuuza kawiri konse kuti popanda magazi a maola oyambirira kafukufuku wake ndi mpando wa miyendo iwiri. Anaima akupuma mwamphamvu, akudikira chipongwe china.

A Chikaipa anaika paketi ya mkaka pansi. Kenako anafunsa ndi mawu ena, otsika. "Ndiye kuti sukulu yako yaima chifukwa cha magazi a munthu wongotuluka kumene mu utsi?"

"Inde."

"Nanga bwanji sunanene? Ine ndili pano ndikutani?"

Khomo linatseguka lokha pamaso pake, ndipo Tariro anadziwa kuti kuseri kwake kuli bodza. Malamulo a kafukufuku wake anali omveka: wachibale wa wofufuza salowamo, ngakhale atafuna chotani. Magazi a bambo ake sakanawagwiritsa ntchito. Pakhomo pawo bodza linali mlandu woposa kuba. Anakwapulidwa kamodzi kokha m'moyo wake, ali giredi fo, ndipo chifukwa chake chinali chimenecho. Koma m'chifuwa mwa nkhalambayi munkamveka kale kamluzu kakang'ono pomwe inkapuma.

"Pamafunika kutenga katatu," anatero, maso ali pa nsapato zawo. "Tsopano, madzulo, ndi mawa m'mawa. Ndipo wopereka amayenera kukhala konko, pabedi, osachokapo. Ndi lamulo."

"Lamulo ndi lamulo," a Chikaipa anatero, akuimirira. "Amake Tariro, jekete. Mutumize uthenga kwa alembi a bungwe kuti wapampando waitanidwa ndi yunivesite."

A Estele anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali. Kenako anapinda bulangete n'kuika m'thumba limodzi ndi kapu ndi sipuni.

Mu kombi, Mulungu amuthandize Tariro, a Chikaipa anauza aliyense. Anauza mayi wonyamula dengu la matimati, anauza kondakitala, anauza dalaivala kudzera pagalasi. Mwana wawo uyu akufufuza mabelu a m'magazi, ndipo m'Bindura monse munthu wa magazi oyenera wapezeka mmodzi. Tariro anaika chipumi pazenera n'kumawerenga mapumidwe awo mumtima: makumi awiri ndi kawiri pamphindi.

Kuchipatala anathamangira kutsogolo n'kukokera pambali sisita Spiwe, namwino amene amagwira naye ntchito Lachisanu lililonse. Anamunong'oneza zonse, za utsi ndi za bodza lomwe. Sisitayo anagwira pakamwa kubisa kuseka, koma atamva za utsi wofiirira kusekako kunatha. Dokotala anabwera, anamvetsera m'chifuwa, n'kulemba kuti agonekedwe ndi kuyang'aniridwa. Kwa wodwalayo ananena zoona, kuti akuwasunga chifukwa cha utsi. A Chikaipa anamutsinzinira diso limodzi ngati munthu wodziwa chinsinsi, nati, "Lembani zimene mumalemba, adokotala. Ine ndabwerera mwana."

Magazi oyeza a chipatala atatengedwa, anakana kupinda mkono. Anati a yunivesite sanatengedwe. Sisita Spiwe anadzaza kabotolo kena, ndipo a Chikaipa anaonetsetsa ndi maso awo kuti kaperekedwa m'manja mwa Tariro. Kanali kofunda.

Anapita nako kuchipinda chimene amasungira zinthu zake, natseka chitseko. Filiji inali pomwepo, ikulira ndi jenereta. Timabotolo ta kafukufuku sitilembedwa maina, timalembedwa manambala. Akanangolemba fote wani, ndani akanadziwa? Zaka ziwiri za kudzuka m'mamawa, za kupempha anthu olira kuti asaine mafomu, zinali m'dzanja lake, m'kabotolo kotalika ngati chala. Anatsegula filiji. Anaitseka. Anaitsegulanso. Chimene chinamulepheretsa si mantha a aphunzitsi ake ayi. Anaona kuti akakasunga, sadzadziwa mpaka kufa ngati anawabweretsa bambo ake kuti apulumuke kapena kuti iye akhoze. Anakaponya m'bini ya zinyalala zokatenthedwa, n'kusamba m'manja kawiri ngakhale anali atavala magulovu.

Masana onse a Chikaipa analamulira wodi. Anakana kuvala zovala za odwala. Anakhala pabedi ndi tayi, akulangiza wa bedi loyandikana nalo za kuipa kwa fodya, ndi kufunsa mphindi iliyonse ngati nthawi ya magazi achiwiri yakwana. Tariro anayamba kudzifunsa ngati sanachite zamisala, mwina mawa atuluka ali gwa, iye n'kukhala choseketsa cha banja mpaka Khirisimasi. Anapemphera kuti zikhale choncho.

Itangopitirira folo koloko, mawu awo anayamba kuduka pakati pa chiganizo. Anamasula tayi okha. Katsokomolo kouma kaja kananyowa, ndipo pa mpango umene a Estele anawapukutira panatsala thovu lofiirira. Nambala ya pachala inatsika: nainte wani, eyite seveni, eyite fili. Anamwino anathamanga ndi silinda ya okosijeni, dokotala anaitanidwa, bedi linakankhidwira kuchipinda cha odwala kwambiri. Tariro anaima panja pagalasi. Ankadziwa dzina la chilichonse chimene chinkachitika m'mapapo amenewo, selo ndi selo, uthenga ndi uthenga, koma analibe chingwe chilichonse choti akoke. Anachita mantha amene sanachitepo chibadwire.

Masiku atatu anapita motero. Dokotala anamuuza kuti akanakhala kuti zinawayambira kunyumba, kapena pamsonkhano kuseri kwa tchalitchi, sakanafika nawo pageti ali moyo. Lachitatu m'mawa nambala inakwera n'kukhazikika, ndipo anawabwezera ku wodi ya onse ndi kachubu kokha ka mpweya m'mphuno. Anali ataonda, masaya atalowa, koma pakamwa panali patachira kale.

Pa nthawi yoona odwala masana, Tariro polowa ndi phala anapeza bedi litazunguliridwa. Pardon, bambo wamtali wa zipsera m'manja amene agogo ake anachokera ku Dedza ngati a Chikaipa, anabwera ndi anzake atatu a kumgodi. Pakabati panali mphatso yawo: mapaketi anayi a mkaka. A Estele anakhala kumapazi. Wodwala ndiye anali pakati pa ulaliki.

"...ndiye ndikuti, magazi si madzi. Munthu wa msinkhu wanga ukamupopa kabotolo aka, kabotolo ako, thupi limadandaula. Ndinalowa muno ndikuyenda, inu mukudziwa, ndi tayi. Atangonditenga, basi, madzulo ndagwa. Koma sindikudandaula. Mwana aphunzire. Angandiphe, aphunzire."

Tariro anaima ndi mbale m'manja, osakhulupirira makutu ake. Koma a Chikaipa! Munthu wachoka pakamwa pa manda dzulodzuloli, chinthu choyamba wakumbukira n'kupulumutsa mbiri ya mphuno yake. Anaganiza zongowaleka. Ali moyo, anene zimene akufuna, amuseke a Chiwaridzo kuti ndi mwana wopopa bambo ake magazi. Ulemu wa nkhalamba ndi chovala chake chotsiriza, ndipo si mwana amene amavula.

Kenako Pardon anapuma mpweya wa mpumulo.

"Mwatimasula, madala. Ife timati ndi utsi uja, moti chiyambire Loweruka sitinaphulitsenso, anthu akuopa. Ndiye kuti kutsika kwanu kuja sikunakupwetekeni. Mawa tiphulitsa. Inu mukatuluka mudzatinunkhizire monga kale, pakadali pano ndizitsika ndine. Mkaka tagula wambiri."

"Ndituluka Lachisanu," a Chikaipa anatero. "Mundisungire chingwe."

Tariro anaika mbale pakabati. Anamva Chishona chikukwera pakhosi ndipo anachimeza, chifukwa ankadziwa kuti bambo ake agontha. Analankhula Chichewa chake chopunduka chija, pang'onopang'ono, mokweza kuti afike mawu onse.

"A Pardon, si magazi. Magazi amene anatengedwa sakwana masipuni atatu. Ndi utsi. Baba anapsa mapapo ndi utsi wa mumgodi mwanu, ndipo mkaka sunachite kanthu. Akanakhala kunyumba, bwenzi Lolemba mutawaika m'manda."

"Tariro," mayi ake anatero motsitsa.

"Za yunivesite ndinanama ine. Malamulo salola kuti ndigwiritse ntchito magazi a bambo anga. Ndinanama chifukwa anakana kubwera ngati wodwala. Utsi umenewu mphuno ikamaumva, mapapo amakhala ataulandira kale. Tsoka silinunkha. Makina opopera akapanda kulira, musatsike, musatsitsenso munthu, ngakhale atakuuzani kuti wagwira zaka makumi atatu. Baba akatsikanso, sadzabwerako. Mukadzawatenganso pakhomo paja, mudzawanyamule nokha."

Wa bedi loyandikana uja anayamba kuwerenga chikalata cha mankhwala ake mwachidwi. Pardon anayang'ana chipewa chake, anzake anayang'ana pansi, palibe anayang'ana a Chikaipa, ndipo kusayang'anako kunali koipa kuposa kuseka. Patapita kanthawi Pardon anakonza kukhosi, nati amva, ndipo kuphulitsa adikira magetsi. Anatsanzika mwaulemu wochuluka, wa mtundu umene anthu amapereka kwa munthu amene sadzamufunsanso nzeru. Anatuluka motsatizana.

"Ukadadikira alendo apite," a Estele anatero.

"Akadapita ndi bodza, amayi."

A Chikaipa ankayang'ana kudenga. Tariro anakonzekera mkuntho: za ulemu, za ana a masiku ano, za sukulu yochotsa nzeru. M'malo mwake anafunsa funso limodzi, ndi mawu aang'ono amene sanawamvepo.

"Ndiye magazi anga aja unatani nawo?"

Akanatha kunamanso. Linali bodza losavuta, lachifundo, ndipo mayi ake ankamupempha ndi maso kuti alinene.

"Ndinataya, baba."

"Onse?"

"Onse."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anayang'ana pamkono pawo, pamene panali kadontho kakuda ka singano, n'kupaphimba ndi chikhatho. Kenako anatembenuka movutikira, akusamala kachubu ka m'mphuno, mpaka nkhope inaloza kukhoma.

"Baba, phala lizizira."

Sanayankhe, m'Chichewa kapena m'chilankhulo china chilichonse. Tariro anadziwa kuti kukhala chete kumeneku si kwa tsiku limodzi, mwina si kwa chaka chimodzi, ndipo zinamupweteka kwambiri. Belu lothamangitsa alendo linalira. A Estele anatola thumba lawo n'kutuluka, koma iye sisita Spiwe anamusiya akhale. Anakokera mpando pafupi, nakhala kumbuyo kwa munthu amene sankafuna kumuona. Pansi pa bulangete msana wa bambo ake unkakwera ndi kutsika, wodzaza ndi mkwiyo, kukwera ndi kutsika, osaphonya.